Chitini cha khofi ndi WiFi ya alamu a tsidya la msewu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Tafara, mumzinda wa Harare. Mwachidule akuti: "Alamu anga amakhala tsidya la msewu, mamita ngati 70 kuchokera kwathu. Ali ndi WiFi, ndipo tinagwirizana kuti tizisonkherana ndalama ya pamwezi. Koma laputopu yanga imagwira kamzere kamodzi kokha, ndiye ndikaima pazenera la kuchipinda. Foni siiona n'komwe. Ndinamva kuti munthu atha kupanga eriyo ndi chitini. N'zoona, kapena ndi nkhambakamwa chabe?"

N'zoona, achimwene. Ine ndapangapo zitatu, ziwiri zinagwira. Koma musanaboole chitini cha mayi a kunyumba, dziwani kuti chitini sichiwonjezera mphamvu iliyonse. Tengani tochi, muchotse kambale konyezimira kaja, babu liziyaka lokha. Kuwala kumangomwazikana, sikufika ngakhale pageti. Bwezeranipo kambaleko, muona mpaka mphaka ali pampanda. Babu ndi lomwelo, mabatire ndi omwewo. Chitini chimachita zomwezo: chimasonkhanitsa mafunde n'kuwalozetsa mbali imodzi, ndipo chimamvetsera mbali yomweyo basi. Choncho ngati pakati pa inu ndi alamuwo pali nyumba ya malata, simuphula kanthu.

Ndiye yambani ndi miyendo, osati nyundo. Pitani kwa alamu mukaone pamene rauta, kabokosi kotulutsa WiFi, yakhala. Kwa azakhali anga ku Highfield ndinaipeza pansi pa kabati ya TV, kuseri kwa sipika, ataifunditsa kansalu koluka kuti isachite fumbi. Ndinangoinyamula n'kuipachika pamwamba pa zenera la pabalaza, ndipo mwana wa m'kanyumba ka kuseri anayamba kukuwa kuti yagwira. Sitinaboole chitini tsiku limenelo. Mafunde a WiFi amafooka akamadutsa njerwa ndi mpanda wa konkire uja wa durawall, chitsulo chimawabweza, ndipo madzi amawameza, n'chifukwa chake mtengo wa mango wonyowa ndi mvula ya mu Januwale umatchinga kuposa mmene mungaganizire. Rauta ikhale pazenera loyang'ana kwanu, pamwamba, timilongoti take tili chilili. Inu mukaima pazenera lanu muzitha kuliona zenera lawolo ndi maso.

Ngati rautayo imatulutsa maina awiri, lina lokhala ndi 5G kumapeto, sankhani la 2.4 GHz. La 5 GHz limathamanga koma silipita patali. Miyezo yonse imene ndikupatseni apa ndi ya 2.4 GHz, imene funde lake limodzi ndi lalitali masentimita pafupifupi 12.5.

Tsopano chitini. Apa ndi pamene ambiri amalakwira, poti amatola chilichonse chili pafupi. Yezani kukamwa kwake ndi rula. Chikhale pakati pa masentimita 8 ndi 10, ndipo 9 ndiye pabwino. Chikachepera 7.2 mafundewo salowamo n'komwe, ndiye kachitini ka nyemba kasiyeni, kali m'malire mwenimweni. Kutalika chipose masentimita 15, chikhale chachitsulo, chosaphwanyika, chotseguka mbali imodzi. Cha khofi kapena cha mkaka wa ufa chimachita, bola muyeze. Chikasowa pakhomo, kumsika wa Siyaso ku Mbare simungabwereko chimanjamanja, ndipo amisiri osula zidebe akhoza kukupindirani lata pamuyezo womwe mwawauza.

Bowo limakhala m'mbali, ndipo mumayeza kuchokera kotseka. Pa chitini cha masentimita 9, boolani pa masentimita 5. Pa cha 10, pa masentimita 4.4. Pa cha 8.5, pafupifupi 5.8. Mwaona kuti chikamapapatiza bowo likusunthira kutsogolo. Musakopere muyezo wa mnzanu ngati zitini zanu zikusiyana.

M'bowomo akatswiri amaikamo kawaya ka mkuwa ka mamilimita 31, kowotchereredwa pa cholumikizira cha mtundu wa N, kenako chingwe cha coax kupita ku kompyuta. Ine sindikulangizani zimenezo. Zolumikizirazo n'zovuta kupeza, ndipo coax yopyapyala ngati RG-58 imadya pafupifupi theka la mphamvu pa mamita atatu okha. Zimene chitini chakukololerani zimathera m'njira. Gulani ka USB kogwirira WiFi, kaja kangati fulashi, kamapezeka m'mashopu a zamafoni m'tauni, pamodzi ndi chingwe chotalikitsira USB. Chingwecho chisapose mamita 5. Dulani bowo loti ka USB kalowe chilili, nsonga yake ili m'kati mwa chitini masentimita ngati atatu, chifukwa kaeriyo kake kamakhala kunsongako. Poyeza mphamvu, zimitsani WiFi ya m'kati mwa laputopu, apo ayi muzisangalala ndi manambala osachokera m'chitini.

Timizere tija musatikhulupirire, n'taulesi. Ikani pulogalamu yaulere yoonetsa mphamvu mu dBm. Manambala ake amayamba ndi kamzere kochotsera, ndipo yaing'ono ndiyo yabwino: -85 ndi kuvutika, -70 mukhoza kugwira ntchito, -65 vidiyo ikuyenda. Nambala ikachepa ndi 3 mphamvu yawirikiza kawiri. Lozetsani chitini kuzenera la alamu, tembenuzani pang'onopang'ono, dikirani masekondi angapo, kankhani ka USB kapena kakokeni pang'ono. Mukapeza pabwino matani ndi selotepi, ndipo uzani ana asakhudze. Ntchito yake ndi ya munthu woleza mtima, ngati kusaka siteshoni pa wailesi yakale ya agogo.

Pa mamita 70 chitini chiyenera kukwana. Chikalephera, pali madishi akale a DStv amene angokhala dzimbiri m'makomo ambiri. Chotsani LNB, kachipangizo kokhala kunsonga kwa mkono wa dishi, mumangirire chitini chanu pamalo pake, kukamwa kuloze m'dishi. Apa ndi pamene ndinachita manyazi chaka china. Ndinaliimika dishi chilili, kuloza nyumba yomwe ndimafuna, ndipo tsiku lonse sindinagwire kanthu. Madishi amenewa amayang'ana m'mwamba kuposa mmene amaonekera, ndi madigiri oposa 20. Muyenera kuliweramitsa ngati likuyang'ana pansi, mpaka anthu odutsa azikufunsani ngati zili bwino.

Kwa alamu nakonso mungathandizeko. Dulani katoni, muikute ndi pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya, muipinde ngati uta, muiimike kuseri kwa timilongoti ta rauta, mphako yake iloze kwanu. Koma pemphani kaye, chifukwa zimene mwapindula inu zachoka kuzipinda za kumbuyo kwa katoniyo. Achemwali anu akalephera kuimba WhatsApp ali kukhitchini, mlandu wake sindidzabwera kudzaweruza.

Za foni, ndikuuzeni mosabisa: chitini sichiithandiza mwachindunji, poti foni ilibe polumikiza. Chimene mungachite ndi kuyatsa Mobile hotspot pa laputopu, imene ilipo kuyambira pa Windows 10, kuti igawire mafoni a m'nyumba. Ndipo musayembekeze kuti chitini chomwechi chikokera netiweki ya mafoni ya Econet kapena NetOne. Funde la 1800 MHz, limodzi mwa mafunde a netiweki ya mafoni, limatalika masentimita pafupifupi 17, m'chitini cha 9 silikwanamo. Liwiro nalo silingapose limene alamu amalipira, ndipo magetsi akazima kwawo, kwanu kwazimanso, pokhapokha rauta ili pa batire.

Chimodzi ndikukanizani ndithu: musakakweze pamtengo wachitsulo padenga. Mphenzi za kuno kuyambira Novembala mpaka Malichi mukuzidziwa, ndipo chingwe chochoka padenga kulowa m'laputopu ili pamiyendo panu si chinthu choseweretsa. Chikhale pazenera kapena m'munsi mwa khonde, kukamwa mutavundikira ndi chivindikiro chake cha pulasitiki, chomwe mafunde amadutsa bwinobwino. Kukayamba kugunda, zulani.

Mukapeza chitini, nditumizireni muyezo wa kukamwa kwake mu mamilimita, ndi nambala ya dBm imene mukupeza pazenera musanayambe. Ndikuwerengerani pomwe muboole. Alamu ndi achemwali muwapatse moni.