Ma neon tetra akabalalika si kuti akudwala

Asisi, mwati munagula ma neon tetra 4, nsomba zoweta mu thanki, ku shopu anali kuyenda pamodzi bwinobwino koma mutafika nawo kunyumba aliyense akusambira kwake, ndiye mukufunsa ngati akudwala komanso filter yabwino ndi iti. Za filter ena ayankha kale, ine ndikamba za gululo basi.

Tinsomba timeneti kwawo ndi ku Amazon uko ku South America, ndipo ndi tating'ono ngati kapenta, mwina 3 cm, ndiye chilichonse chachikulu chimatidya. Kuunjikana kuja mumakuona ku shopu ndi mantha, anthu akugogoda galasi, wina akulowetsa neti. Tikakhala pa mtendere timamwazikana, kalikonse kufuna chakudya chake koma tikuonana. Yesani kuyandikira thanki mwadzidzidzi muone, tidzabwera pamodzi pompo.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinali ndi ma neon 10 ndiye mnyamata wa pa shopu ina mu town anandiuza kuti angelfish imakhala nawo bwino, ndinagula kamodzi kakang'ono kokongola. Miyezi ikupita kanakula, ma neon anga anayamba kuyenda mothithikana, kutembenuka onse nthawi imodzi, ine kusangalala mpaka kujambula video kutumiza pa WhatsApp, kumene anali kuthawa imfa. M'mawa wina kuwerenga 9, sabata inayo 7, mtembo osauona. Ndinamukalipira mwana wanga kuti akuseweretsa neti, mpaka lero amandikumbutsa. Angelfish ikakula neon imakwana mkamwa, osamvera za ogulitsa, iwo akufuna ndalama.

Koma 4 ndi ochepa zedi asisi. Onjezani afike 8 kapena 10, osachepera 6 ndithu, ndipo akhale mtundu umodzi, osati neon awiri serpae (mtundu wina wa tetra) awiri chifukwa aliyense amatsata wake ndipo serpae akachepa amaluma zipsepse za anzawo. Ine ndinagula cha m'ma K30 imodzi koma ndi kale, manje zinthu zakwera, funsani kaye. Ngati mukufuna gulu lenileni loyenda limodzi tsiku lonse fufuzani rummy nose, aja ofiira kumutu, amaposa neon kutali.

Chofunika kuopa ndi kamodzi kodzipatula pakona, osadya, mtundu ukufwifwa masana kapena msana wopindika. Kameneko kachotseni msanga, pali matenda a neon opanda mankhwala ndipo amafala anzake akadya kakufa. Kufwifwa kwa usiku kapena mukangoyatsa light m'mawa ndi chibadwa chawo, mtundu umabwerera.

Amene wanena kuti ikani kalilore kuti tinsombato tizidziona ngati tachuluka, ayi bambo, nsomba si mwana.

Chinanso, madzi athu a mu Lusaka makamaka a borehole ali ndi laimu wambiri, onani mkati mwa ketulo yanu, pomwe neon amakonda madzi ofewa, ndiye atsopanowo muziwathira madzi a mu thanki pang'onopang'ono ali mu pulasitiki musanawatulutse. Ndipo June asanafike gulani heater, iyime cha pa 24 kapena 25. Magetsi akapita usiku ine ndimafunditsa thanki bulangete, alendo amaseka koma chaka chatha sindinataye ngakhale imodzi.