Timagona mu Neti, Nanga Dengue Inalowera Pati?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 wachira kumene dengue. Tonse timagona mu neti, udzu pakhomo ndimatchetcha, ndipo palibe chithaphwi. Madzi a kumpopi amavuta, choncho timasunga m'migolo iwiri. Ndalakwitsa pati? Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Pepani mayi ndi matendawo, ndipo musadziimbe mlandu. Zimene mukuchitazo n'zabwino, koma udzudzu wa dengue ndi wosiyana ndi wa malungo. Dzina lake ndi Aedes aegypti, wakuda wa timizere toyera m'miyendo. Umaluma masana, makamaka m'mawa ndiponso dzuwa likapendeka, nthawi imene neti ili yopinda.

Ine maso anga ali pa migolo yanuyo. Udzudzu umenewu umakonda madzi odikha a m'chiwiya. Umamata mazira m'kati mwa mgolo, pamwamba pang'ono pa polekezera madzi. Mazirawo amatha miyezi ali ouma osafa, ndipo mukangodzaza madzi amaswa. Kukamatentha, pamatenga masiku 7 mpaka 10 basi kuti udzudzu uyambe kuuluka. Izi ndinadzionera ndekha. Mgolo wanga ndinkaukhuthula pafupipafupi, koma tsiku lina nditaunikamo ndi tochi ndinapeza timphutsi tili piringupiringu. Mtima unandipweteka, chifukwa ana anga ankasewera pambali pomwepo. Kuyambira apo, mlungu uliwonse ndimakwecha m'kati monse ndi burashi kenako n'kuvundikira mothina. Inunso teroni.

Sindinganene kuti musiye kusunga madzi, chifukwa mpopi ukauma palibe kuchitira mwina. N'chifukwa chake dengue imakula m'matauni odzaza anthu momwe madzi amadukaduka komanso zinyalala sizichotsedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la anthu padziko lonse ali pachiopsezo cha matendawa. Udzudzuwu suuluka kutali, kawirikawiri mamita mazana ochepa chabe, ndiye tayala lakutha kwa aneba kapena chitini kuseri kwa kalasi n'chokwanira kudwalitsa mwana wanu. Kambiranani ndi aneba ndi aphunzitsi, muyendere limodzi malo amenewo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti tizilombo ta dengue tilipo mitundu inayi, ndipo kudwala kachiwiri ndi mtundu wina kumatha kukhala koopsa kuposa koyamba. Mwanayo akadzatenthanso thupi, mupatseni paracetamol, osati aspirin kapena ibuprofen, chifukwa amenewa amawonjezera vuto lotaya magazi, ndipo mukamuyezetse. Thupi likazizira koma iye n'kuyamba kusanza mosalekeza, kumva m'mimba kupweteka kwambiri kapena kutuluka magazi m'nkhama, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi pakati pa usiku.