Mmene mungayesere canopy ya faibagilasi isanachoke pa shedi

Achimwene amene mwafunsa za ma canopy a pikapu amene mukuumba ndi faibagilasi ku Msasa, mu Harare, mwati makasitomala akukubwezerani atang'aluka pa mabawuti, chikhalirecho pochoka pa shedi amakhala osalala ngwee. Mukufuna kudziwa mmene mungagwirire vutolo katundu asanapite. Kusalalako kusakupusitseni, ndi gelcoat chabe imeneyo, gawo lopyapyala losalala la pamwamba. Mphamvu ili m'kati, mmene rezini, guluu wamadzi amene amauma n'kulimba, yagwirira ulusi wa galasi, ndipo kumeneko maso safikako.

Yambani ndi khutu. Tengani ndalama yachitsulo kapena kasipanala kakang'ono, muzigogoda pang'onopang'ono canopy yonse, monga amayi amagogodera mphika wadothi pamsika asanaugule. Pogwirana bwino pamalira kuti ngwe ngwe. Pamene mat, nsalu ya ulusi wa galasi ija, yalekana ndi inzake, kapena patsalira mpweya, pamamveka phu phu. Zungulizani ndi choko. Kawirikawiri mupeza kuti ndi m'makona ndi m'mphepete, momwe rola safika bwino ndipo mnyamata amangopakapo ndi burashi n'kupitirira. Ngati m'kati simunapente, ikani nyale kuseri: malo oyera mbee ndi ulusi wouma umene sunamwe rezini.

Kenako onani ngati rezini inauma bwino. Donthezani acetone pang'ono m'kati, mupake ndi chala. Pakanata, sinaume mokwanira. Apa ndikukayikira kwambiri catalyst wanu, mankhwala oumitsa rezini aja otchedwa MEKP. MEKP amafunika pakati pa 1 ndi 2 peresenti ya rezini, koma ambiri kuno timangothira ndi maso. Sirinji ya ku famase ndi yotchipa, gulani. Komanso inu mukudziwa mmene Harare amazizirira m'mawa mwa Juni ndi Julayi. Rezini ya polyester kukazizira kutsika madigiri 15 siuma bwino, ndiye anthu amathira catalyst wambiri kuti ifulumire, n'kutentha, n'kusanduka yosachedwa kuthetheka. Ndi bwino kudikira dzuwa likwere. Pali kachipangizo kotchedwa Barcol kamene kamabaya pamwamba n'kuonetsa nambala ya kuuma kwake, muyerekeze ndi imene opanga rezini analemba.

Koma chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: muzithyola dala. Tsiku lililonse loumba, umbaninso kabolodi kapadera pambali, ndi rezini ya m'chidebe chomwecho, mat yomweyo, munthu yemweyo. Kapena sungani zidutswa zimene mumadula potsegula mawindo, zimenezo ndiye zabwino koposa chifukwa zachokera pa canopy yeniyeniyo. Dulanipo timizere tisanu, mulifupi mamilimita 10. Kamzere kamodzi mukagoneke pa zitsulo ziwiri zotalikirana mamilimita 120, pakati pake mukoloweke ndowa ya malita 20 ndi waya wokhuthala, muzithira madzi pang'onopang'ono mpaka kathyoke. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye lembani m'kope. Madzi akachepa thirani mchenga, muyeze pa sikelo. Chenjerani ndi kuchindikala: kamzere kochindikala kawiri kamanyamula katundu wolemera kanayi, choncho muziyerekeza tofanana tokhatokha. Valani magalasi, timaulusi timathetheka.

Nambalayo ndi theka chabe la nkhani. Yang'anani pothyokapo. Kabwino kamayamba kulira tche tche tche, kuyera kunsi kumene kukukokeka, kenako n'kugonja ulusi utaduka uli ndi rezini yomatirira. Kakangoti thyo mwadzidzidzi, pothyokapo pali posalala, rezini inachuluka ndipo galasi linachepa. Kakasendeka pakati n'kukhala timapepala tiwiri, ndiye kuti magawo sanagwirane: mwina munasiya gawo loyamba liume usiku wonse n'kuikapo lachiwiri osapala ndi sandipepa. Ulusi ukasololoka uli woyera, wopanda rezini, funsani kumene mat imagona. Ya pansi pa simenti nthawi ya mvula imakoka chinyontho, ndipo rezini siimata pa ulusi wonyowa. Timizere tisanu tikasiyana kwambiri, kena malita 10 kena 18, vuto ndi dzanja la woumba.

Za kuchuluka kwa rezini n'zosavuta: mat ya magalamu 450 pa sikweya mita imamwa pafupifupi kilogalamu imodzi. Kupitirira pamenepo mukungolemeretsa canopy ndi kutaya ndalama.

Mukapeza oda yaikulu yofuna pepala lotsimikizira kulimba kwa katundu, kafunseni ku Standards Association of Zimbabwe, ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, kapena ku Harare Institute of Technology ku Belvedere ngati angakuyezereni pa makina. Mukatchule maina a njira zovomerezeka zoyesera: kuyesa kopinda kwa ASTM D790, ndi ASTM D2344 kumene amapanikiza kachidutswa kakafupi kuti aone ngati magawo asendeka. Musakhutire ndi kuyesa kokoka kokha. Pokoka, ulusi ndi umene umanyamula katundu, choncho chidutswa chodzaza timabowo ta mpweya chikhoza kupereka nambala yosangalatsa. Timabowoto timaonekera popinda ndi posenda.

Tsono za mabawuti anuwo. Timizere tikatuluka bwino koma canopy n'kumang'alukabe pomwepo, vuto ndi kamangidwe. Faibagilasi sipindika n'kukhala monga chitsulo, imayamba timing'alu, ndipo mabampu a m'misewu yathuyi amatikulitsa tsiku ndi tsiku. Onjezani magawo awiri kapena atatu a mat pamene padzadutse bawuti, boolani ndi dirilo yakuthwa mutatsamiritsa thabwa kuseri kuti pasasendeke, pakani rezini m'mbali mwa bowolo, ndipo ikani mawashala aakulu ndi labala pakati pa canopy ndi bodi ya galimoto. Bowo litalikire m'mphepete kosachepera katatu kukula kwa bawutiyo. Mukathyola timizere toyamba, jambulani pothyokapo chapafupi mutumize muno tione.