Ku Cape Town mukaone chiyani? Yankho kwa mayi wa ku Dedza

Mayi wina wa ku Dedza, wa Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito mu lesitilanti ku Cape Town ndipo wawaitana kuti akadye naye Khirisimasi. Akufunsa kuti: "Ena akuti mzindawu ndi Ulaya weniweni, ena akuti ndi phanga la zigawenga. Inu munafikako, munaona zotani? Nanga ine wachikulire, wosakonda zosamba m'nyanja, ndikaone chiyani?"

Amayi, pitani, musazengereze. Anthu awiri onsewo sakunamizani, kungoti aliyense akunena za mbali yomwe anagonako.

Choyamba kukulonjerani ndi phiri la Table Mountain. Kutalika kwake ndi mamita 1,086 okha, lanu la Dedza likuliposa kutali, koma ili limadzuka kuchokera m'mphepete mwa nyanja penipeni, pamwamba pake pali see, ndipo kulikonse mungayende mumzindamo limakhala likukuyang'anani. Mu Disembala kumaomba chimphepo cha kumwera chakum'mawa chomwe chimayala mtambo woyera pamwamba pa phirilo n'kumautsetseretsa m'mbali. Mpango mukamange zolimba, ndipo juzi musaisiye ngakhale kuli chilimwe. Dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, musadabwe.

Za kukongolako mwana wanu akakuonetsani yekha. Ine ndikupemphani m'mawa umodzi wokha kuti mukayende kumtunda kwa msewu wa Adderley. Kumeneko ndi komwe mzindawu unandigwira mtima.

Mu 1652 kampani ya malonda ya Adatchi inatuma Jan van Riebeeck kuti akatsegule dimba la ndiwo zamasamba zodyetsa anthu a m'sitima zopita ku Asia. Dimbalo lilipobe, amati Company's Garden, lili ndi mithunzi yabwino ndi mabenchi opumirapo. Eni dziko, Akhoikhoi, anali oweta ng'ombe ndipo analandidwa msipu wawo pang'onopang'ono. Anthu olima ndi omanga, kampaniyo inachita kuwagula kunja. Akapolo anayamba kubwera ambiri mu 1658, ndipo kenako ankachokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi kuzilumba za Indonesia. Pakhomo pa dimbalo pali nyumba yotchedwa Slave Lodge, ya mu 1679, momwe kampaniyo inkatsekera akapolo ake usiku. Pambuyo pake inasanduka khoti lalikulu, lero ndi nyumba yosungiramo mbiri. Muli chipinda china chamdima momwe mayina a akapolo analembedwa pa chipilala chowala. Ambiri ndi mayina opatsidwa ndi ogula: mwezi womwe munthu anagulidwa, kapena dzina limodzi lotsatidwa ndi doko lomwe anakwezedwera. Mukamva Mkaladi wa ku Cape akuti bambo ake ndi a September kapena a January, chiyambi chake n'chimenecho. Ndinawerenga mayinawo mpaka miyendo inatopa, ndikufunafuna olembedwa kuti "van Mosambiek", kutanthauza ochokera ku Mozambique, ndipo analipo.

Mukatuluka, kungodumpha kamsewu, mwafika pa Groote Kerk, tchalitchi cha makolo cha mpingo wa Dutch Reformed. Inu a Sinodi ya Nkhoma, pamenepa ndi kwa agogo anu m'chikhulupiriro, pakuti mpingo wa ku Cape ndi womwe unatuma Andrew Charles Murray kudzayamba ntchito pa Mvera mu 1889. Lowani, muone gome lolalikirapo losemedwa mwaluso, loima pa mikango yamatabwa, ndipo mupemphere. Koma dziwaninso kuti anthu ankaimba masalimo m'menemo khomo la akapolo lili pafupi pomwepo, ndipo mu 1857 sinodi ya mpingo womwewo inavomereza kuti azungu ndi anthu akuda azipembedza padera. Ine sinditha kukuuzani kuti mulowe nyumba imodzi n'kusiya inzake. Uthenga unafika kwathu kudzera m'manja amenewo, ndipo wokonda mpingo wake ayenera kuidziwa mbiri yonse.

Mwana wanu mwina akakutengerani ku Clifton, gombe la mchenga woyera komwe kuli nyumba zodula koposa. Madzi ake ndi ozizira moti simungakhalitsemo. Pamiyala ya pamenepo, pa 27 Disembala 1794, panasweka sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José. Inanyamuka kuchilumba cha Ilha de Moçambique ndi akapolo oposa 500 kupita nawo ku Brazil. Oposa 200 anamira pomwepo, pamene opulumuka anagulitsidwa mumzindamo. Akatswiri analengeza mu 2015 kuti apeza zotsalira zake pansi pa madzi. Njira za malonda zopita kuchilumba chimenecho zinkachokera kumtunda, mpaka kumadera a kum'mawa kwa nyanja yathu. Choncho akapolo a ku Cape musawaone ngati anthu akutali.

Ku Bo-Kaap, kunyumba zopakidwa utoto wowala zija mumaziona pa Facebook, kumakhala Asilamu ambiri omwe makolo awo anali akapolo ndi andende ochokera kum'mawa. Mzikiti wa Auwal mu msewu wa Dorp ndi wa mu 1794, woyamba m'dzikomo. Lamlungu m'mawa amagulitsa koesister, timandasi tonunkhira sinamoni towazidwa kokonati. Masiku a ntchito, 12 koloko ikakwana, mzinga umalira pa Signal Hill pamwamba panu pomwepo. Si nkhondo, ndi mwambo wakale wotchera mawotchi.

Ngati mphamvu zilipo, pitani ku District Six Museum mu msewu wa Buitenkant, m'tchalitchi chakale cha Methodist. Pa 11 Febuluwale 1966 boma la tsankho linalamula kuti dera la District Six likhale la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwa kukatayidwa kumchenga wa Cape Flats, nyumba zawo n'kugumulidwa. Pansi m'tchalitchimo anayalapo mapu aakulu, ndipo eni ake akale anabwera kudzalemba ndi manja awo pomwe panali khomo lawo. Mumachita kuyenda pamwamba pa mayinawo. Kuchilumba cha Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18, matikiti mugule msanga, komanso boti siliyenda mphepo ikakula.

Ku Waterfront, kudoko la mzindawu, kuli masitolo ndi nyimbo, ndipo kumeneko mudzamva Chichewa kwa operekera zakudya. Amalawi sanayambe dzulo padoko limeneli. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mumzinda uno mu 1919, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatsogolera sitalaka ya onyamula katundu padoko.

Za zigawengazo n'zoona, amayi. Madera monga Nyanga, Delft ndi Philippi ali m'gulu la malo omwe anthu amaphedwa kwambiri mu South Africa, ndipo zisakasa za malata mudzaziona pochoka kubwalo la ndege, m'mbali mwa msewu wa N2. Kumeneko n'kumchenga komwe anthu akuda ndi Makaladi anakankhidwira, kutali ndi ntchito. Pakati pa mzinda masana mutha kuyenda bwinobwino. Foni ikhale m'chikwama, kukada musayende pansi, ndipo m'tinjira ta m'phiri musalowe nokha.

Abale athu ambiri amakhala ku Capricorn, Masiphumelele, Dunoon ndi Imizamo Yethu, chifukwa lendi mutauni ndi yosayambika. Mwina mudzapeza kuti mwana wanu, amene amakutumizirani zithunzi za kunyanja, amagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya munthu. Musadzamufunse kuti ndalama amapita nazo kuti, pakuti zambiri zimabwera ku Dedza konko.

Mukatha kukhala mpaka Januwale, mudzaone chikondwerero cha Tweede Nuwe Jaar, kutanthauza Chaka Chatsopano Chachiwiri. Kale pa 2 Januwale akapolo ankapatsidwa tsiku lopuma, ndipo mpaka lero zidzukulu zawo zimadzaza misewu ndi ng'oma, malipenga ndi timaambulera tamitundumitundu. Zaka zina tsikulo amalisuntha, ndiye mwana wanu afunsiretu musanagule tikiti yobwerera.