Pop-up yokana kusintha kukula mu Firefox

Mwafunsa chifukwa chake kawindo (pop-up) kamene webusaiti yanu imatsegula sikakusintha kukula ngakhale mwalemba window.resizeTo, lamulo losinthira kukula kwa windo la m'chinenero cha mapulogalamu cha JavaScript. Mu Firefox, lembani about:config pamalo a adiresi kuti mutsegule tsamba losinthira kagwiridwe ntchito ka Firefox, vomerezani chenjezo, kenako fufuzani dom.disable_window_move_resize. Ikakhala true, JavaScript siloledwa kusuntha kapena kukulitsa windo. Dinani kawiri kuti ikhale false.

Koma nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo ayi. Kuyambira Firefox 7, resizeTo imagwira ntchito pa windo lokhalo lotsegulidwa ndi window.open (lamulo lotsegulira windo latsopano), ndipo likhale ndi tabu imodzi yokha. Mu about:config momwemo, onaninso browser.link.open_newwindow.restriction: ikakhala 0, pop-up imatseguka ngati tabu, ndiye palibe choti chikule. Ibwezereni pa 2, ndipo mu window.open musaiwale kuika width (m'lifupi) ndi height (kutalika).