Saladi ya nkhuku ndi lotus: vuto linayambira mushopu

Mayi wina wa ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti anadya saladi ya nkhuku ndi lotus, chomera cha m'madzi, mu lesitilanti ya anthu a ku Vietnam ndipo inawakomera. Atayesa kunyumba, lotusyo anada, anali gwa ngati chinangwa chosaphika, ndipo pansi pa mbale panadzaza madzi. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

Amayi, ndikukhulupirira kuti munagula muzu waukulu uja wa zibowo. A ku Vietnam amautcha củ sen, ndipo kawirikawiri amauphika mumsuzi. Saladi munadyayo, gỏi gà ngó sen, amapangira ngó sen, timphukira toyera, tating'ono ngati pensulo, tomwe timayanga m'matope muzu usanakhwime. Timagulitsidwa m'mabotolo m'mashopu a zakudya za ku Asia. Amene mukudziwa nyika za ku Nsanje musasokonezeke, nazo zimamera m'madambo koma ndi chomera china.

Mukatsegula botolo, tsukani timphukirato bwino, mutidule totalika ngati chala n'kuting'amba pakati. Tinyikeni kwa mphindi 20 m'madzi othira viniga ndi shuga, pamodzi ndi karoti ndi anyezi wodula mopyapyala. Kenako finyani, ndipo musachite manyazi pofinyapo. Madzi mukudandaula aja ndi omwe simunafinye, ndipo ndi omwe amasukulutsa zokometsera zonse.

Ngati muzu waukuluwo ukadalipo, musautaye. Usendeni, muudule mopyapyala kwambiri n'kuponya m'madzi a viniga nthawi yomweyo, chifukwa mpweya ndi umene umaudetsa, monga imachitira mbatata. Wiritsani mphindi 2 zokha, kenako muike m'madzi ozizira.

Nkhuku ikhale ya lokolo ngati ingapezeke. Nawo a ku Vietnam amakonda nkhuku yoyendayenda chifukwa nyama yake siphwetera. Iwiritseni ndi mchere ndi jinja, izizire, muinyotsole ndi zala. Mpeni ayi. Nyama yonyotsola imamwa bwino zokometsera.

Zokometserazo sakanizani masupuni 3 a nước mắm, 3 a shuga, 3 a madzi a ndimu, adyo ndi tsabola. Nước mắm ndi madzi a tinsomba tonga usipa tomwe amatisunga mumchere m'migolo kwa miyezi yambiri, ndipo wotchuka amachokera pachilumba cha Phú Quốc. Fungo lake lisakuopseni, mu saladi limabisala. Ine sindiika soya sauce m'malo mwake, amadetsa chakudya chofunika kuoneka choyera.

Sakanizani zonse anthu atakhala kale patebulo. Wazani masamba onunkhira a ku Vietnam otchedwa rau răm, kapena minti akasowa, anyezi wokazinga, ndi mtedza wokazinga wongophwanya pang'ono, osati mpaka kukhala nsinjiro. Kumwera kwa Vietnam amaidya potapa ndi bánh phồng tôm, timabisiketi ta chinangwa ndi tinkhanu ta m'madzi totchedwa shrimp, tomwe timafufuma mumafuta otentha. Mudzatipeza mushopu momwemo.