Musanalipire hard drive yotsika mtengoyo

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula external hard drive (chosungira mafayilo cholumikiza kunja kwa kompyuta) ya 2TB imene mwaiona pa theka la mtengo m'shopu ina m'tauni muno mu Mzuzu, kuti muzisungiramo zithunzi za maukwati amene mumajambula. Kutsika mtengo pakokha si chifukwa choisiyira, pakuti ogulitsa amatsitsadi katundu amene wakhalitsa pa shelefu, koma musaikhulupirire musanaiyese, ndipo kuyesako kuyambire m'shopu momwemo ndalama zikadali m'thumba.

Mupite ndi laputopu yanu. Mukailumikiza idzaonetsa 1.81TB m'malo mwa 2TB, ndipo pamenepo palibe kuba kulikonse, chifukwa opanga amawerenga ndi 1,000 pamene Windows imawerenga ndi 1,024. Chinyengo chenicheni chimabisala mkati. Pali timabokosi tokongola tolembedwa Seagate, WD kapena Toshiba, koma mukatitsegula mumapeza kaflash kakang'ono pamodzi ndi kachitsulo komatidwa ndi guluu kuti kabokosiko kazilemera m'manja. Kaflash kameneka kanakonzedwa kuti kazinamiza kompyuta kukula kwake, kotero kuti kakadzaza kamalandirabe mafayilo, mayina ake n'kumaoneka bwinobwino, koma tsiku limene mkwatibwi adzafune zithunzi zake palibe chimene chidzatseguke. Hard drive yeniyeni ili ndi mbale zozungulira mkati. Mukaikapo chikhatho mumamva kunjenjemera pang'ono, ndipo mukaiyandikiza kukhutu mumamva kulira kwake.

Muikiretu m'laputopu pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, imene imaonetsa maola amene drive yagwira ntchito. Chaka chimodzi chili ndi maola 8,760, choncho ngati chinthu chimene akuti n'chatsopano chikuonetsa maola masauzande angapo, ndiye kuti n'chakaunjika chovekedwa bokosi latsopano, ndipo ikalemba Caution ndi mtundu wachikasu muisiye ngakhale atatsitsanso mtengo. Akathyali ena amatha kufufuta maolawo, n'chifukwa chake ndi bwino kulembanso serial number, nambala yapadera ya driveyo, pa tsamba la intaneti la kampani yopanga kuti muone ngati waranti ikadalipo.

Mayeso omaliza ndi a pulogalamu ya H2testw, imene imalemba drive yonse n'kuiwerenganso kuti ione ngati kukula kwake n'koona. Pa 2TB ntchitoyi imatha usiku wathunthu, mwinanso kupitirira, kotero mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikalephera mudzabweza, ndipo serial number ndi masiku obwezerawo alembe pa risiti. Wokana kulemba zimenezi wakuuzani kale zonse.

Kwa ife kuno ndimakonda yaing'ono ya mainchesi 2.5, imene imatenga mphamvu ku USB ya laputopu, chifukwa ikuluikulu ya 3.5 imafuna soketi, ndipo magetsi akazima mukukopera mafayilo amatha kuwonongeka. Chinyontho cha kwathu kuno mukuchidziwa, chija chimameretsa nkhungu pa nsapato m'nyengo ya mvula. Muziisunga m'kontena yotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo musaisunthe ikamazungulira.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu ndi mawu akuti mukufuna kupepuza laputopu. Mukasamutsa zithunzi n'kuzifufuta m'kompyuta, zatsalabe pamalo amodzi, ndipo drive ikagwa pansi kamodzi kokha ntchito ya zaka ikhoza kupita. Odziwa za makompyuta amalangiza makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kutali ndi nyumba. Google Drive, malo osungira mafayilo pa intaneti, imapereka 15GB zaulere, zimene sizingakwane zithunzi zonse ndipo bandulo ingakutheretu, koma zimakwana zosankhidwa bwino za ukwati uliwonse. Ndikanakhala ine, ndalama zikalola, ndikanagula ziwiri za 1TB m'malo mwa imodzi ya 2TB, ina n'kumakhala kwa abale ku Luwinga ngati inu muli ku Chibavi, n'kumazisinthanitsa mwezi ukatha. Mukamaliza kukopera muzichotsa driveyo pa laputopu, ndipo yosungirayo isamapite kosindikiza zithunzi, kumene mavairasi osandutsa mafoda kukhala ma shortcut amafalikira. Kumeneko muzipita ndi flash wamba.